Musawauze Amayi

Kuchipatala,
Lachisanu, 9 Meyi

Mzime mlongo wanga,

Ndikhulupirira wadzuka bwino, ndiponso kuti nyumba ya makolo athu idakali ndi denga. Kuno tilipo. Amayi awapatsa bedi la pazenera, ine andipatsa mpando wachitsulo umene wowotcherera wake anali pa chidani ndi anthu onse.

Dokotala wabwera m'mawa uno. Chotupa cha m'mimba chija akuti achichotsa Lolemba, koma pali vuto. Magazi a Amayi akuthamanga kwambiri, ndipo bipi ikapanda kutsika sawakhudza n'komwe. Dokotala wa maopaleshoniyu si wa pano, amangobwera mwa apo ndi apo. Akachoka Lolemba madzulo tidzamuonanso patapita miyezi, ndipo wanena mosabisa kuti chotupacho sichingadikire nthawi yonseyo. Ndiye tamvera, ntchito yathu kuyambira lero mpaka Lolemba ndi imodzi yokha: Amayi asamve chilichonse chowadumphitsa mtima.

Foni yawo ndabisa, yanga ndazimitsa. Makutu awo ukuwadziwa, ukamalankhula pa foni kuseri kwa chitseko amamva ndi zimene winayo sananene. Ukakhala ndi nkhani ulembe kalata, uiike m'basiketi ya chakudya pansi pa fulasiki. Alamu ako, amuna angawa, azibweretsa masana ndi madzulo. Amenewo sindikuwadera nkhawa, chilowereni m'banja sindinawamvepo akufotokoza nkhani mpaka kumapeto.

Abambo asabwere kuno. Ndanena. Munthu amene ntchentche ikagwera mu tiyi amaitanitsa banja lonse kuti lidzaone, sangakhale pafupi ndi wodwala bipi. Uwauze kuti kuchipatala akukaniza amuna. Alendo ena onse nawonso ayi.

Ana anga awiri ndakusiyira ali amoyo, mano awo ali onse, ndipo ndidzawafuna ali chomwecho. Ndikudziwa kuti kukonza mafoni kumsika kuja kwakuchititsa kudziona ngati injiniya, koma mwana alibe batani lozimitsira.

Unditumizire thaulo, sopo ndi masilipasi anga. Uzindiuza zonse zochitika kumeneko, ine ndizisefa ndisanawapatse Amayi.

Mchemwali wako


Kunyumba,
Lachisanu madzulo, 9 Meyi

Achemwali,

Landirani moni wa ife tonse amene mwatisiya m'manja mwa Mulungu. Malamulo anu afika, ndipo ndawawerenga nditaimirira monga mwa ulemu wake. Muli bwanji pampando wanu? Musadandaule, inenso ndikugona pa sofa.

Chifukwa chake n'chakuti Azakhali afika. Sindikudziwa kuti anawauza ndani, koma atsika minibasi masana ano ndi zikwama zokwanira munthu amene wathamangitsidwa ku ukwati. Akuti abwera kudzathandiza mlongo wawo, Abambo. Thandizo loyamba, atenga chipinda changa. Kenako ayendera khitchini yonse atagwira m'chiuno, n'kunena kuti samadziwa kuti mlongo wawo wakhala akuzunzika chonchi zaka zonsezi.

Tsopano mavuto. Kachipinda kosungira zakudya n'kokhoma, ndipo kiyi sakuoneka. Tafufuza pansi pa matiresi, m'nsapato, mpaka m'Baibulo. Zimene zili panja ndi kampunga pang'ono ndi mazira, pamene Azakhali amadya ngati akubwezera chipongwe. M'khitchini mwa Amayi mulibe chitini chimene chimanena zoona. Cholembedwa shuga muli mchere, cholembedwa mkaka muli mabatani, cha mabisiketi muli misomali. Tiyi wa Abambo madzulo ano ndathiramo mchere mowolowa manja. Anamwa kamodzi n'kundiyang'ana ngati mwana amene anasinthanitsidwa kuchipatala.

Za mankhwala awo, Abambo sakudziwa kuti amamwa ati, kangati, ngakhale pamene amakhala. Akuti iwo amangoyasamula, Amayi n'kuponyamo. Munthu anaphunzitsa ana a eni zaka zonse zija, mpaka ena ndi madokotala lero, koma sadziwa mtundu wa tabuleti yake. Ndawauza kuti kuchipatala akukaniza amuna. Afunsa kuti nanga madokotalawo onse ndi akazi?

Madzi asiya kutuluka masana. Ana anu akhala akuzungulira nyumba yonse kutsegula mipopi kuti aone ngati abwera. Mano akadali onse.

Mundifunsire za kiyi ndi mankhwala mwanzeru zanu zija, mundiuzenso mmene Amayi aswerera. Thaulo ndi sopo zili m'basiketi. Silipasi ndapeza imodzi.

Mzime wanu


Kuchipatala,
Loweruka m'mawa, 10 Meyi

Mzime,

Wadzuka bwanji? Silipasi ndalandira, ndizivala mosinthanitsa mapazi.

Mankhwala a Abambo ali m'kabati ka mashini osokera, kuseri kwa ulusi. Katabuleti koyera m'mawa, kachikasu madzulo. Izi ndazipeza nditazungulira kutali, ndinayambira pa nkhani ya singano.

Kiyi umuiwale. Ali pakhosi pa Amayi, pa chingwe, ndipo anesi atafuna kuwavula anatsala pang'ono kulumidwa. Nditayesa kunyengerera anandifunsa kuti, "Kiyi wa chiyani? Ndinatulutsa chakudya chokwanira anthu amene ndinawasiya. Kwabwera ndani?" Ndinati palibe. Tangoganiza ndikanatchula Azakhali, munthu amene Amayi akhala akulimbana naye chikwatiwireni. Makina a anesi akanaphulika.

Ndawauza kuti kunyumba zonse zili bwino. Ndati Abambo adya mokhuta mpaka ayamikira wophika, ana akuwerenga, iwe wasesa pabwalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mzime wasesa?" Mwina apo ndinapitirira muyeso. Kenako anafunsa kuti Abambo abwera liti. Ndati akupumula.

Anesi ayeza m'mawa uno. Bipi sinatsike, akuti yakwerako pang'ono. Sindikumvetsa, munthu sanamve choipa ngakhale chimodzi. Mwina ndi mayi wa bedi loyandikana nalo, amene amapemphera mokuwa ngati Mulungu anagontha. Tipitirize momwemo. Azakhali uwagulire buledi wambiri, pakamwa pazikhala potanganidwa.

Mchemwali wako


Kunyumba,
Loweruka masana, 10 Meyi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwakhala pansi. Ngati mwaimirira, khalani, mpando muli nawo.

Madzi anabwera m'bandakucha tonse tili m'tulo, ndipo anapeza mipopi yonse ili chitsegukire, ntchito ya manja a ana anu. Ine ndinadzuka pa sofa n'kuponda m'madzi ofika m'akakolo, silipasi yanu ina ija ikundidutsa kupita kukhitchini. Kapeti yofiira ya Amayi, imene ifeyo timailambalala ngati manda, yamwa madzi mpaka yasanza utoto. Dengu la malaya oyera a Abambo linali pansi pomwepo. Tsopano Abambo ali ndi malaya apinki okhaokha, ndipo anadzitsekera kuchipinda, akuti sangaonekere kwa anthu ngati duwa.

Ine monga munthu woganiza ndinati titulutse zonse ziume. Tinandanda mipando pabwalo, masofa pakhonde, zitseko ndi mazenera zonse n'kutsegula. Azakhali ataona kuti zikwama zawo zanyowa anakhala pasitepe, manja kumutu, n'kuyamba: "Mlongo wanga ine! Mlongo wanga, tsoka lanji ili!"

Achemwali, inu mutadutsa panyumba imene mayi wake ali m'chipatala, mipando ili panja, wina akulira pakhonde, mungaganize chiyani? Woyamba kufika anali mayi wa saluni ya pafupi nafe, atasiya kasitomala mutu uli theka. Ndinamuuza kuti Amayi ali moyo. Anayang'ana Azakhali akulira mlongo wawo, n'kuyang'ana zenera la Abambo, lokhalo limene linali lotseka, n'kugwira pakamwa. Ndisanamalize kufinya kapeti anali atapita, ndipo pabwalo panali patadzaza anthu. Mipando yonyowa anaikhalira osadandaula. Akulu a mpingo anabwera ndi mabuku a nyimbo. Wokhoma mabokosi a maliro wa kumsewu uja anadutsa pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera, akuyang'ana nyumba yathu mwachikondi.

Ndinakuwa kuti palibe wafa, koma ankangondisisita pamsana, akuti mwana wotsiriza amavutika kuvomereza. Azakhali sanathandize. Chibadwireni sanakhalepo ndi anthu ochuluka chonchi owamvetsera, ndiye anangowonjezera mawu. Mwana wanu wamkulu uja anaona kuti ndi mwayi, anayamba kulandira alendo pageti n'kumawalozera pokhala.

Zinatha pamene anayamba nyimbo. Abambo anatsegula zenera ali m'vesiti, n'kunena kuti ngati akuimbira iwo ayambirenso, chifukwa oimba besi alowa mochedwa. Amayi ena anathawa kusiya nsapato. Ena anakhalabe, akuti poti abwera kale angomwa tiyi.

Choncho nkhani yabwino yoti muwauze Amayi ilipo: pansi pa nyumba yawo sipanayerepo chonchi. Nanga bipi ili bwanji?

Mzime wanu


Kunyumba kwa mlongo wanga,
Loweruka, 10 Meyi

Iwe mwana wa mlongo wanga,

Moni. Za moyo wako sindifunsa chifukwa iwe sunafunse za wanga, chonsecho ndayenda ulendo wautali ndi mwendo wotupa kudzagwira ntchito imene ana a m'nyumba muno aithawa.

Amayi ako ndikuwapempherera, ngakhale anandikhomera chakudya ngati ndine mbava. Alendo a m'mawa aja anafuna tiyi, ndipo ine sindinaleredwe kubweza anthu kukamwa kouma. Ndaitana kalipentala, wachotsa chitseko cha kachipinda kaja. Muli zinthu mmenemo, mwana iwe! Shuga wokwana golosale, mlongo wanga akuonda. Ndagawirako anthu ndipo atithokoza. Zitini ndazikonzanso, chilichonse ndachiika m'chitini cha dzina lake monga amachitira anthu ozindikira. Maluwa a m'miphika aja ndazula, amaitana udzudzu.

Ana ako alibe mwambo. Wamng'onoyo wandifunsa pamaso pa anthu kuti ndipita liti.

Zonsezi usawauze amayi ako. Ine sindichitira zinthu kuti ndithokozedwe.

Azakhali ako


Kuchipinda,
Loweruka madzulo, 10 Meyi

Mwana wanga wachisamba,

Ndikupereka moni, ndipo ndikupempha modzichepetsa, monga munthu wopuma pa ntchito amene alibenso mawu m'nyumba mwake, chilolezo chokaona mkazi wanga. Ndikukumbutse kuti pamene ndinkamufunsira iwe kunalibe, ndipo sindinadzere mwa iwe.

Bodza la mlongo wako lakuti akukaniza amuna ndalimva. Ndaphunzitsa ana ambiri onama, koma uyu angalephere ngakhale mayeso a bodza.

Lero ndamva nyimbo za maliro anga. Anthu anabwera ochepa kusiyana ndi mmene ndinkayembekezera, ndipo amene sanabwere ndawadziwa. Ndili ndi zambiri zoti ndiwauze amayi ako. Chilowereni m'banja sindinagonepo ndisanawafotokozere zimene zandinyansa tsiku limenelo, ndipo tsopano zaunjikana mpaka pakhosi.

Yankho lifike ndi basiketi.

Bambo wako


Kuchipatala,
Loweruka madzulo, 10 Meyi

Mzime,

Makalata anu nonse ndalandira. Ndikanafunsa kuti muli bwanji, koma ndaona kuti mukusangalala. Ndangotembenuka pang'ono, wachititsa kale chigumula ndi maliro. Ndikanachedwa sabata bwenzi utagulitsa ndi malo omwe.

Mayi wa saluni wakoyo anafika kuno nthawi ya alendo, nkhope ili khuma, maso ali psu. Mwamwayi ndinamuona ali pakhomo la wodi. Anandikumbatira akusisima, "Limbani mtima, abambo atisiya. Amayi mwawauza?" Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja n'kumukokera panja ngati thumba. Nthawi imeneyo kalata yako inali m'thumba mwanga ndisanaiwerenge, ndiye poyamba ndinakhulupirira. Nditaiwerenga pomwepo n'kumuuza kuti malemuwo ali m'vesiti akukonza a besi, anakhumudwa ngati ndamulanda kanthu.

Amayi sanamve chilichonse, ndikutsimikiza. Anangoona chapatali. Nditabwerera anafunsa kuti mayi uja amalira chiyani, ndinati dzino likumupweteka, wasochera wodi. Kenako anati, "Abambo ako ali bwanji?" Ndinati ali bwino kwambiri, ali phee, sakudandaula chilichonse. Ndinawonjezeranso kuti anthu oyandikana nafe anabwera ambiri kudzacheza mpaka kuimba nyimbo, kuti aone kuti timakondedwa.

Atamva zimenezo anatembenukira kukhoma. Chakudya akana. Kiyi uja amuvula okha pakhosi n'kundipatsa, akuti, "Tenga, n'zako tsopano." Munthu amene anatsala pang'ono kuluma nesi! Bipi yakwera moti anesi atayeza anakaitana mnzawo kuti adzaone. Dokotala wanena kuti ikakhala chonchi mawa madzulo, dzina lawo alichotsa pa anthu a Lolemba.

Ndikuona kuti akuopa mpeni, palibenso china. Apa sindikuseka, Mzime. Ndimawamva akubuula ndi chotupachi akamaganiza kuti ndagona. Miyezi imeneyo sangaikwanitse.

Ndiye timange zolimba. Pempho la Abambo lakanidwa, munthu amene zamuunjikira pakhosi asayandikire kuno. Uwalondere. Za Azakhali ndi chitseko tidzakambirana ndikabwera, pakadzakhala mboni. Mawa unditumizire nkhani zabwino zokhazokha, ngakhale zopeka, zanga zatha.

Mchemwali wako


Kunyumba,
Lamulungu masana, 11 Meyi

Achemwali,

Mwadzuka bwanji? Nkhani yabwino ndi yakuti lero palibe chimene chanyowa. Ina ndi yakuti Abambo asowa.

Ndinawasiya akumeta ndevu, ndinangopita kukatsitsa mwana wanu wamng'ono pamwamba pa kabati, pobwerako kuchipinda kuli zii. Kutchalitchi kulibe, kwa wogulitsa nyuzipepala kulibe. Azakhali akufuna ayambenso kulira, ndawapempha kuti ulendo uno alirire m'nyumba, mazenera atatseka. Alamu afika pageti kudzatenga basiketi, ndawafunsa ngati awaona panjira, angondiyang'ana osanena kanthu monga mwa masiku onse. Ndikulemba mofulumira kuti asandisiye.

Musawauze Amayi.

Mzime wanu


Kuchipatala,
Lamulungu madzulo, 11 Meyi

Mzime,

Leka kufunafuna. Kalata yako yonena kuti Abambo asowa anabwera nayo Abambo eni ake, atanyamula basiketi. Pamene unkafunsa alamu ako pageti paja, iwo anali atagona pampando wakumbuyo kwa galimoto. Kusalankhula kwa amuna anga kumene ndinkakudalira kuja kwanditembenukira.

Analowa m'wodi atavala malaya apinki, tayi ndi jekete, akuyenda ngati woyendera sukulu. Ndinathamanga kuti ndiwatchinge, koma ndi silipasi imodzi munthu sufika patali. Anaima pabedi n'kukhosomola. Amayi anatembenuka. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kutambasula dzanja, n'kuwatsina pamkono zolimba.

"Mayo! N'chiyani?" anatero Abambo.

"Muli moyo?"

"Pang'ono. Mwana wanu wandimwetsa mchere."

Ine ndinkatsinzinira, ndinkakhosomola, ndinawaponda ndi phazi, koma mpopi unali utatseguka. Ananena zonse: mchere, madzi, kapeti, maliro, a besi, Azakhali, chitseko, shuga, maluwa. Sanasiye ngakhale chimodzi, mwinanso anawonjezera. Wodi yonse inakhala chete kumvetsera, mpaka mayi wopemphera uja anamupatsa Mulungu mpata wopuma. Ine ndinangogwira kumutu, mumtima ndikuti basi, tawapha.

Amayi anadzuka n'kukhala tsonga.

"Kapeti yanga mwaiyanika padzuwa ngati chiguduli? Nanga mlongo wanuyo walowa m'kachipinda kanga ndi chilolezo cha ndani?"

"Ine ndinali nditamwalira nthawi imeneyo," anatero Abambo.

"Inunso, bambo wamkulu, kuyenda mumsewu ngati switi! Ana amene munawaphunzitsa akuonani?"

Anakalipa mpaka mawu anabwerera mwakale. Ali mkati mokalipa anatsegula basiketi n'kudya zonse, akunyoza wophika pa supuni iliyonse. Kiyi anandilanda. Ndinawakumbutsa kuti chitseko chake kulibe, anati imeneyo si nkhani yanga.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, tabwera kuno. Ukudziwa kuti pamene ndinagona m'chipatala kudzabereka Mzime, malume ako anamwalira? Abale ankabwera ndi chakudya akumwetulira, kunyumba zonse zili bwino, zonse zili bwino. Ndinatuluka mlongo wanga atakwiriridwa kale. Banja lino likati zonse zili bwino ndiye kuti bokosi lagulidwa. Ndiye iwe ukundiuza kuti Mzime wasesa, anthu abwera kudzaimba, abambo ako sakudandaula? Bambo awa osadandaula? Ndinadziwa kuti ndine wamasiye. Ndimangodikira kuti mundiuza liti."

Abambo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwongola bulangete limene linali lowongoka kale, n'kunena chapansipansi kuti tiyi wa kunyumba sakukoma. Amayi anati akudziwa. Ine ndinapita kukayang'ana pazenera, kunja kunali zinthu zofunika kuziona.

Anesi anabwera ndi makina awo. Anayeza, n'kugogoda makinawo ndi chala, n'kuyezanso. Yatsika, Mzime. Osati pang'ono. Madzulo ano ayezanso, ili pomwepo. Dokotala wafunsa kuti tawapatsa chiyani, ndati amuna awo. Akuti tipitirize mankhwala omwewo. Mawa m'mawa akulowa.

Ngati ukufuna kuseka, usekeretu panopa ndisanabwere.

Mchemwali wako


Kuchipatala,
Lolemba m'mawa, 12 Meyi

Mzime mwana wanga,

Ndamva kuti muli moyo nonse, ndipo ndathokoza. Ndikulemba ndekha chifukwa mlembi wanga ndamuchotsa ntchito, amanama.

Andiveka kale chovala chotsegula kumbuyo, ndiye ndifulumire. Kapeti uiyanike pamthunzi mozondotsa. Zitini ubwezeretse mmene zinalili, ndinazisokoneza dala kuti anthu ngati azakhali ako asapeze shuga. Iwowo uwauze kuti ndathokoza kwambiri, ndipo minibasi ya m'mawa imakhala ndi malo ambiri. Malaya a abambo ako usawayeretse onse, usiyeko amodzi. Aka n'koyamba kuwaona akuoneka ngati munthu wosangalala.

Ndikapanda kudzuka simudzavutika, mwayeseza kale Loweruka. Koma abambo ako musadzawasiye opanda wowamvetsera. Munthu uja akapanda kudandaula amadwala. Uzikhala nawo madzulo, uzingoti ee, zoona, pepani. Sizifuna nzeru, ungakwanitse.

Mchemwali wako usamuseke kwambiri. Wagona pachitsulo chifukwa cha ine, ndipo bodza lake linali lachikondi, kungoti linali lopusa.

Abwera ndi kabedi kamatayala. Ukhale mwana wabwino, koma osati mopitirira, ndingadabwe.

Mayi ako


Kuchipatala,
Lolemba masana, 12 Meyi

Mzime,

Atuluka. Dokotala akuti zayenda bwino, chotupa achichotsa chonse. Abambo anakhala pabenchi nthawi yonseyo osatulutsa liwu, manja ali pamawondo, mpaka ine ndinayamba kuopa. Atangomva kuti zatheka anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kudandaula za benchi.

Amayi atsegula maso posachedwapa. Mawu sakutuluka bwino, ndinachita kuwerama kuti ndimve. Afunsa kuti, "Kunyumba kwalakwika chiyani lero?" Ndinati sindinamve kalikonse. Maso awo anayamba kukula, anesi n'kundiyang'ana moopseza.

Foni ndayatsa, koma iwo akuti uzilemba, akufuna aziwerenga mobwereza. Tikhala kuno mpaka bala liume, ndipo basiketi iliyonse izibwera ndi vuto lake, lenileni, chifukwa zopeka amazinunkhiza patali. Pa ntchito imeneyi ndikudziwa kuti sungandikhumudwitse. Koma zikachitika kuti pofika madzulo palibe chimene chalakwika, uswe mbale. Osati za alendo.

Mchemwali wako